Kaonetsedwe ka Filimu ya Chiteochew Yonena za Banja kwa Anthu a ku Zomba

Ambiri mwa ife kuno ku Zomba mafilimu a ku China tinawadziwira m'tinyumba ta vidiyo ta ku Chinamwali ndi ku Mpondabwino, momwe anyamata amaonera nkhonya ndi mateche uku womasulira akukuwa m'Chichewa pamwamba pa mawu a osewera. Koma kuli mtundu wina wa mafilimu, wochokera kwa anthu a dera limodzi la dziko lomwelo, umene nkhani zake si za ndewu. Zimakhala za mayi amene akukana mkazi yemwe mwana wake wabwera naye pakhomo, za bambo amene pakamwa pake sipatuluka mawu oyamikira mwana wake, kapena za agogo odwala amene ana awo ayamba kale kuwerengera nyumba iwo akadali moyo. Mafilimuwa amaseweredwa m'Chiteochew, ndipo amatchuka ndi kuliritsa anthu akuluakulu amene sakhetsa misozi chisawawa. Malangizo otsatirawa ndi a munthu amene akufuna kuonetsa filimu yotere kwa abale ake, kwa gulu la kumpingo kapena kwa ophunzira anzake a ku Chirunga. Mphamvu ya mafilimuwa ili m'zimene anthu a m'banja limodzi amalephera kuuzana, choncho ntchito ya woonetsa ndi kukonzekeretsa oonera filimu isanayambe, kenaka n'kuchepetsa pakamwa ikangoyamba.

Yambani mwawadziwa eni chiyankhulo

Chiteochew chimayankhulidwa kum'mawa kwa chigawo cha Guangdong, kummwera kwa China, m'dera la m'mphepete mwa nyanja lotchedwa Chaoshan, lomwe mizinda yake ikuluikulu ndi Chaozhou, Shantou ndi Jieyang. Si Chimandarini chimene chimaphunzitsidwa m'sukulu za dzikolo, ndiponso si chiyankhulo cha mafilimu ambiri a ku Hong Kong amene tinazolowera; munthu wa ku Beijing sangachimve pokhapokha atachita kuchiphunzira. Ngakhale ku China komweko oonera ambiri amadalira mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi monga momwe inunso mudzachitire, choncho musade nkhawa kuti filimuyo idzakukanikani chifukwa cha chiyankhulo.

Chofunika kwambiri kuchidziwa ndi chakuti Ateochew ndi anthu a paulendo. Kwawo anthu ndi ambiri pamene malo olima ndi ochepa, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1700 amuna ankakwera zombo zamatanga zopakidwa utoto wofiira kutsogolo, kuchokera padoko la Zhanglin kupita ku Siam, dziko limene lero timalitcha Thailand. Doko la Shantou litatsegulidwa kwa amalonda akunja mu 1860 anthu opita kunja anachuluka kwambiri, moti lero zidzukulu zawo zili ku Thailand, Singapore, Malaysia, Cambodia ndi Vietnam. Mfumu Taksin, imene inalamulira Siam kuyambira 1767 mpaka 1782, bambo ake anali Mteochew. Amuna opita kunjawa ankatumiza kumudzi kalata yophatikiza ndi ndalama, yotchedwa qiaopi, imene kawirikawiri inkalembedwa ndi mlembi wolipidwa popeza wotumizayo sankadziwa kulemba, ndipo wamtengatenga ankaifikitsa pakhomo penipeni pa mkazi kapena mayi wotsalayo. Makalatawa analowa m'kaundula wa UNESCO wa zolemba zofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi, wotchedwa Memory of the World, mu 2013, ndipo ku Shantou kuli nyumba yowasungira.

Pofika apa mwaona kale kuti oonera anu sakusowa poyambira. Nkovuta kupeza mudzi ku Jali, ku Thondwe kapena ku Domasi umene ulibe mtchona wake, kaya ndi agogo amene anapita kumigodi kudzera ku Wenela kapena ku Theba, kaya ndi mnyamata amene ali ku Johannesburg lero lino ndipo amatumiza ndalama pafoni. Akuluakulu akukumbukirabe ndege imene inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi, ngozi imene inachititsa kuti Kamuzu Banda aletse kulemba anthu ntchito za kumigodi kwa zaka zingapo. Mkazi woyembekezera kalata, mwana wodziwa bambo ake pachithunzi chokha, ndi mwamuna amene anakwatiranso kuchilendo, zonsezi sizifuna kuchita kufotokozera munthu wa kuno.

Kusankha filimu ndi kupeza chilolezo

Mafilimu amene ndingawatchule motsimikiza ndi atatu. Lan Hongchun anatulutsa Proud of Me mu 2018, filimu yonena za mnyamata wolephera sukulu amene akufuna kuti bambo ake adzanyadire naye tsiku lina, ndipo mu 2022 anatulutsanso Back to Love, yonena za mnyamata wogwira ntchito ku Shenzhen amene akubwera kwawo ndi chibwenzi chochokera ku Hangzhou, mkazi yemwe ukwati wake woyamba unatha, chinthu chimene mayi ake akulephera kuchilandira. Mafilimu awiriwa ali m'Chiteochew kwambiri, ndipo ambiri mwa osewera ake sanali akatswiri a zisudzo koma anthu wamba a m'deralo, n'chifukwa chake kukalipa kwa mayiyo kumamveka kwa pakhomo penipeni. Yachitatu ndi How to Make Millions Before Grandma Dies, ya ku Thailand, imene Pat Boonnitipat anatulutsa mu 2024. Imanena za mnyamata wa m'banja la Ateochew a ku Bangkok, wosiya sukulu ya ukachenjede, amene akusamukira kwa agogo ake odwala khansa, osati chifukwa cha chifundo koma pofuna kuti adzamusiyire nyumba. Usha Seamkhum, amene anasewera ngati agogowo, anali ndi zaka 78 ndipo inali filimu yake yoyamba.

Ine ndingakulimbikitseni kuyamba ndi ya ku Thailand, ngakhale kuti yambiri ili m'Chithai ndipo Chiteochew chimangomveka mwa apo ndi apo, makamaka m'mayina oitanirana pachibale ndi m'nyimbo yogonekera mwana. Chifukwa choyamba ndi chakuti ndi yosavuta kuipeza yokhala ndi mawu a Chingerezi olembedwa bwino. Chifukwa chachiwiri ndi chakuti nkhani ya kudwazika nkhalamba ndi kulimbirana chuma cha masiye imagwira aliyense, pamene nkhani ya mayi wokana mpongozi imafuna kuti woonera adziwe kaye miyambo ingapo ya eni akewo.

Musanaitane anthu, siyanitsani kuonera kwa pakhomo ndi kuonetsa pagulu. Ngati mukuonera ndi abale anu pabalaza kudzera pa akaunti yolipira monga ya Netflix, palibe vuto. Koma akaunti yotere ndi ya pakhomo basi, ndipo mukatengera filimuyo muholo ya tchalitchi kapena ya sukulu, makamaka ngati anthu akulipira pakhomo, mufunika chilolezo cha eni filimuyo malinga ndi lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016. Kafunseni ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, za njira yoyenera kutsata, komanso ku bungwe la boma lounika mafilimu, limene limagwira ntchito pansi pa lamulo la 1968 loona za zosangalatsa zoonetsedwa pagulu. Filimu yokopedwa pafulashi kumsika ipeweni, osati chifukwa cha lamulo lokha, komanso chifukwa mawu ake a m'munsi amakhala omasuliridwa ndi makina ndipo amasokoneza ubale wa anthu, pamene ubalewo ndiwo mutu wa nkhani yonse.

Ionereni nokha poyamba

Womasulira asaonere filimu koyamba pamodzi ndi gulu. Khalani pansi nokha ndi kope ndi cholembera, ndipo jambulani mtundu wonse wa m'filimumo: ndani anabala yani, wamkulu ndani, ndani ndi wakuchimuna ndipo ndani ndi wakuchikazi. Ntchito imeneyi ikuoneka yaing'ono, koma ndi pamene zionetsero zambiri za mtundu uwu zingalakwikire kuno kwathu, ndipo chifukwa chake ndi chikamwini.

Kwa Ateochew mtundu umayenda kuchimuna. Mkazi akakwatiwa amapita kwa mwamuna wake ndipo amawerengedwa kuti walowa m'banja lina, ana amatenga dzina la bambo, ndipo mwamwambo nyumba ndi malo zimapita kwa ana aamuna, amenenso ali ndi udindo wosamalira manda a makolo. Mwana wa mwana wamkazi amatengedwa ngati mdzukulu wakunja. Kuno ku Zomba, pakati pa Anyanja, Ayao ndi Alomwe, zinthu zimayenda mwa njira ina: mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi ngati mkamwini, munda umatsata amayi, ndipo ana a mlongo wako ndiwo mbumba yako. Tsono woonera wa ku Songani akaona mnyamata wa m'filimu ya ku Thailand ija akudwazika agogo ake obala mayi ake, mumtima mwake adzati mnyamatayo ali pakwawo ndipo nyumbayo ndi ya mayi ake ndithu. Woonera wa ku Bangkok kapena ku Shantou amadziwa kuyambira pachiyambi kuti mnyamatayo ndi mayi ake ali kumbuyo kwa mzere, ngakhale kuti mayiyo ndiye amasintha nthawi yake ya ntchito kuti aziperekeza odwala kuchipatala. Mukapanda kufotokoza zimenezi, oonera anu adzaona ngati agogowo ndi okondera chabe, pamene filimuyo ikuonetsa kuti iwonso ali mtsikana anachitiridwa zomwezo: pali chigawo chimene akupita kukapempha ndalama kwa mchimwene wawo wolemera, amene analandira chuma cha makolo awo, ndipo akubwerako chimanjamanja.

Pa chifukwa chomwechi, musamasulire mayina a chibale motsata Chingerezi cha m'munsi mwa chithunzi, chimene chimaphatikiza amalume, bambo aakulu ndi bambo aang'ono m'mawu amodzi. Chiteochew chimasiyanitsa abale akuchimuna ndi akuchikazi monga momwe Chichewa chimachitira, choncho alongo a mayi ake a mnyamatayo muwatche atsibweni kapena amalume. Koma chenjezani oonera kuti atsibweni a kumeneko si eni mbumba. Alibe udindo wa mwambo pa ana a mlongo wawo monga momwe zilili kwa ife. Akuluakulu onse muwamasulire ndi ulemu wa kuno, kuti mdzukulu azinena kuti "agogo, mwadya?" osati "wadya?", kupatula pamene filimuyo ikuonetsa dala kuti mwanayo wachita chipongwe.

Chachiwiri cholemba m'kope lanu ndi malo onse pamene chiyankhulo chikusintha. Mawu a m'munsi amakhala a Chingerezi chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, choncho amabisa zoti mayi akuyankhula Chiteochew pamene mkazi wachilendo uja akuyankha m'Chimandarini, kapena zoti mdzukulu wa ku Bangkok chiyankhulo cha agogo ake amangochimvera pamwamba. Khutu lanu lidzazolowera kusiyanako mukamvetsera mwachidwi. Kusinthaku kuli ndi mbiri yake yowawa, chifukwa m'mayiko ambiri ana a Ateochew anasiya chiyankhulo cha makolo awo. Ku Singapore boma la Lee Kuan Yew linayambitsa mu 1979 kampeni yolimbikitsa Chimandarini, ndipo ziyankhulo zina za Chitchaina zinachotsedwa pafupifupi zonse pawailesi ndi pakanema, moti agogo ndi adzukulu a m'nyumba imodzi anayamba kusowa chiyankhulo chochezerana. Banja la ku Zomba limene agogo amayankhula Chiyao kapena Chilomwe, ana amayankhula Chichewa, ndipo adzukulu amayankha m'Chingerezi, likudziwa bwino momwe zimenezi zimapwetekera. Pomasulira, ingonenani mwachidule kuti "apa akuyankhula cha kwawo" kapena "apa wayankha m'chiyankhulo cha kusukulu", ndipo oonera adzamaliza okha.

Chachitatu ndi chakudya ndi tiyi, chifukwa m'mafilimuwa chikondi sichitchulidwa pakamwa koma chimaperekedwa m'mbale. Tiyi wa Ateochew amaphikidwa m'kamphika kakang'ono ngati chibakera cha mwana, kodzaza masamba, ndipo amathiridwa m'timakapu titatu tokha ngakhale anthu atakhala ambiri. Wophikayo amayamba watsuka timakaputo ndi madzi owira, kenaka amathira tiyi mozungulira pa tonse titatu kuti pasakhale kapu ya tiyi wamphamvu kuposa inzake, n'kudonthezera madontho omaliza mofanana, ndipo wamkulu kapena mlendo ndiye amayamba kumwa. Mulibe shuga kapena mkaka. Munthu wozolowera kapu yaikulu ya tiyi wa mkaka ndi mbatata adzaseka akaona timakaputo, ndipo kusekako kukagwera pamalo olakwika kumaononga chigawo chonse, chifukwa bambo amene wakangana ndi mwana wake usiku akamukankhira kakapu ka tiyi m'mawa ndiye kuti wapepesa, ngakhale sanatsegule pakamwa. Chimodzimodzinso phala la mpunga limene agogo a m'filimu ya ku Thailand amadzukira m'bandakucha kukagulitsa, kapena chidutswa cha nyama chimene mayi amaika m'mbale ya mwana wake uku akumukalipira. Lembani malo oterewa kuti mudziwe pamene simuyenera kuyankhula.

Za manda zikhudzeni mosamala, makamaka ngati gulu lanu ndi la kumpingo kapena kumzikiti. Chaka chilichonse cha pa 4 kapena 5 Epulo mabanja a Chitchaina amakumana kumanda pa mwambo wa Qingming, pamene amalambula manda, kuikapo chakudya, ndi kufukiza lubani, ndipo filimu ya ku Thailand ija imayambira pomwepo. Ena mwa oonera anu adzakhumudwa poganiza kuti mwawaitanira zopembedza mizimu. Auzeni poyambirira kuti mwambowo ulimo, kuti kuonera si kupembedza, ndipo kuti chimene filimuyo ikufuna kuti aone ndi ndani wabwera, ndani sanabwere, ndi ndani wabwera koma maso ali pafoni. Anthu amene amasonkha ndalama zomangira chiliza, kapena amene anaonapo abale akukangana pa sadaka, adzamva msanga chifukwa chake agogowo akulakalaka manda aakulu: akuganiza kuti mwina ana awo adzakhala ndi chifukwa chokumanirana.

Malo ndi zipangizo

Pa zipangizo, ikani mtima pa mawu kuposa chithunzi. Kanema wamkulu wa pabalaza kapena pulojekita yowalitsira pakhoma loyera ndi zokwanira, koma sipika ikhale yabwino, chifukwa osewera a m'mafilimuwa amayankhula motsitsa ndipo phokoso la supuni m'mbale kapena la mpweya wa munthu wodwala ndi gawo la nkhani. Peweni holo ya malata yopanda siling'i m'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, popeza mvula ya kuphiri kuno ikayamba palibe chimene chimamveka. Filimuyo itsitseni pa intaneti tsiku lisanafike ngati njira imene mwaipezera ikulola, ndipo konzani batire kapena jenereta yoikidwa patali ndi zenera, kuti magetsi akazima musadukize nkhani pakati. Filimu ya ku Thailand imatenga maola awiri ndi mphindi zochepa, choncho mukayamba 2 koloko masana Loweruka, mazenera mutatchinga ndi mabulangete, mudzakhala ndi nthawi yokambirana ndipo anthu a ku Matawale kapena ku Sadzi adzapeza kabaza kusanade. Akuluakulu akhale kutsogolo pafupi ndi womasulira. Ana aang'ono apezereni kochezera kwina, osati chifukwa mafilimuwa ndi olaula, koma chifukwa amayenda pang'onopang'ono ndipo mwana akatopa amasokoneza onse.

Pali chinthu china chimene muyenera kuchita mwamseri masiku angapo chionetsero chisanachitike. Ngati pakati pa oitanidwa pali amene waferedwa posachedwa, kapena amene akudwazika kholo lake panopa, mupiteni padera ndi kumuuza zimene zili m'filimumo, kuti asankhe yekha kubwera kapena ayi. Si bwino kuti munthu amene wangochoka kumene kuchipatala adzidzimuke ndi chithunzi cha nkhalamba yothothoka tsitsi chifukwa cha mankhwala a khansa ali pakati pa anthu.

Mawu otsegulira ndi kamasuliridwe

Mawu anu otsegulira asapitirire mphindi zisanu, ndipo asaulule mathero a nkhani. Mukhoza kunena motere: "Agogo, amayi ndi abambo, achimwene ndi achemwali, anthu amene tiwaone lero kwawo mtundu umayenda kuchimuna, ndipo mwana wamkazi akakwatiwa amawerengedwa kuti wachoka. Amuna awo ankapita kunja kukafuna ndalama monga ankachitira makolo athu ku Joni. Muona manda ndi lubani, umenewo ndi mwambo wawo. Muonanso timakapu ting'onoting'ono ta tiyi; yang'anitsitsani amene akuthirira mnzake. Ine ndizimasulira pang'onopang'ono, ndipo pena ndizikhala chete dala." Zimenezi zakwana. Mbiri ya zombo ndi makalata muisunge, mudzaifuna pokambirana.

Kamasuliridwe ka m'tinyumba ta vidiyo kali ndi luso lake, ndipo sindikukanyoza, koma pa filimu yotere ndi kowononga. Womasulira wa kumeneko amadzaza mpata uliwonse ndi nthabwala, amapatsa osewera mayina a kuno, ndipo amauza oonera zimene zichitike kutsogolo. Inu chitani mosiyana. Dikirani wosewera amalize chiganizo chake kuti anthu amve liwu lake lenileni, kenaka nenani tanthauzo lake m'mawu ochepa, motsitsa, osayesa kulira kapena kukalipa m'malo mwake. Pamene anthu akungocheza za mtengo wa nsomba mukhoza kuphatikiza ziganizo zitatu kukhala chimodzi. Pamene mayi wafunsa mwana wake funso ndipo mwanayo sakuyankha, musawonjezere kuti "wakhumudwa" kapena "akuganiza", chifukwa oonera ali ndi maso, ndipo chete ameneyo wopanga filimu anachita kumuyeza. Nyimbo yogonekera mwana musaimasulire ikuimbidwa. Ngati mukufuna kuti anthu adziwe mawu ake, anenereni filimu itatha. Ngati gulu lonse limawerenga Chingerezi bwinobwino, monga ophunzira a ku yunivesite, musamasulire n'komwe, ingokulitsani zilembo za m'munsi.

Musaimitse filimu kuti mufotokoze kanthu, ngakhale wina atafunsa. Muyankheni ndi mawu awiri kapena mumuuze kuti mudzabwererako. Anthu akamaseka asiyeni, popeza mafilimuwa ali ndi nthabwala zambiri m'chigawo choyamba, ndipo kusekako ndi kumene kumachititsa kuti oonera awazolowere anthu a m'filimumo n'kudzawamvera chisoni pambuyo pake. Chimene muyenera kuletsa ndi kuseka munthu amene akulira, chizolowezi cha anyamata amene akubisa misozi yawo yomwe.

Filimu ikatha

Musathamangire kuchotsa mabulangete m'mazenera kapena kuyatsa magetsi. Lolani mayina a osewera adutse onse, kuti amene akufuna kupukuta m'maso atero osaonedwa, kenaka perekani madzi kapena tiyi musanafunse funso lililonse. Funso loti "taphunzirapo chiyani?" lipeweni, chifukwa limabweretsa mayankho a pamtima onena za kulemekeza makolo, ndipo kukambirana kumathera pomwepo. Funsani zinthu zogwirika. Ndani ankasambitsa agogowo, ndipo nyumba inapita kwa yani? Zikanakhala kuno, atsibweni akanaweruza bwanji? Kodi mnyamata amene anayamba kudwazika agogo ake chifukwa cha dyera, koma n'kuwadwazika bwino, ndi woipa kuposa mwana amene amawakonda koma amangotumiza ndalama? Funso lomalizali limagawa anthu, ndipo ndi limene ndimaliona kuti ndi lopindulitsa kwambiri, chifukwa m'gulu lililonse muli wina amene anatsala pamudzi ndi wina amene amatumiza.

Apatseni akuluakulu mpata woyamba, makamaka amayi achikulire, popeza iwo ndi amene adwazikapo anthu ambiri ndipo achinyamata akayamba kuyankhula iwo amangokhala chete. Apa ndi pamene mungatchule makalata a qiaopi ndi kufunsa ngati alipo amene akukumbukira momwe ndalama za ku Theba zinkafikira pamudzi, ndani ankawerenga kalata, ndi zimene zinkachitika makalata akasiya kubwera.

Khalani tcheru ndi zinthu ziwiri. Choyamba, ngati oonera ndi a banja limodzi, nkhani ya nyumba ya m'filimu ikhoza kusanduka mlandu wa munda wa kwanu musanazindikire. Mukaona kuti anthu asiya kutchula mayina a m'filimu ndipo ayamba kulozana zala, bwezerani nkhani ku filimuyo, ndipo mukumbutse onse mwaulemu kuti za chuma cha masiye zili ndi pokambira pake, pamaso pa eni mbumba ndi ankhoswe, komanso kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2011 loteteza mkazi kapena mwamuna wamasiye ndi ana. Chachiwiri, musalole kuti kukambirana kusanduke kuweruza mtundu wonse wa anthu, ngati kuti filimu imodzi yakuuzani momwe Matchaina onse alili. China ndi dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni ndipo Ateochew ndi kagawo kochepa chabe. Ngakhale mafilimu enieniwa amapangidwa ndi ana a m'deralo amene akutsutsa miyambo ina ya kwawo, monga kukondera ana aamuna, uku akuikondabe. Pa chifukwa chomwechi, ngati mukufuna kuitana Mtchaina amene mumadziwana naye m'tauni muno, mufunseni kaye kumene amachokera, chifukwa mwina Chiteochew ndi chachilendo kwa iye monga momwe chilili kwa inu.

Gulu likafuna kudzakumananso, tengani Back to Love, popeza tsopano likudziwa kale za mtundu woyenda kuchimuna ndipo lidzamvetsa chifukwa chake mayi akuopa zimene abale ndi anansi adzanene za mpongozi amene anakwatiwapo. Amene akonda nyimbo angathe kufufuzanso mafilimu a zisudzo zoimba za Chiteochew a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, monga Su Liu Niang momwe munasewera Yao Xuanqiu, amene ankakondedwa kwambiri ndi Ateochew a kuchilendo, ngakhale kuti kupeza okhala ndi mawu a Chingerezi n'kovuta ndipo kaimbidwe kake kamafuna khutu loleza mtima. Kope lanu lija musalitaye. Lembanimo mayina a chibale monga munawamasulira, malo amene anthu anasokonezeka, ndi mafunso amene anayambitsa kukambirana kwenikweni, kuti womasulira wa ulendo wotsatira, kaya ndi inu kaya ndi wina, ayambire pamenepo. Pemphaninso amene ali ndi makalata akale a ku Joni kapena ku Harare m'masutikesi mwawo kuti adzabwere nawo, ndipo eni ake akalola, muwajambule pafoni tsamba ndi tsamba pamalo owala bwino, musanawabwezere m'pulasitiki youma yoti chinyezi ndi chiswe zisawafike.